Mfuti ya Amalume ndi Thabwa la Agogo

Thabwalo lidali la mlombwa, lalifupi koma lokhuthala. Ukaliimika pansi linkandilekeza m'chiuno, ine wa zaka khumi. Mbali imodzi idali yakuda bii ndi mwaye, inayo yofiirira. Linkanunkha utsi wa nkhuni, fungo lomwe ndidali ndisadalimvepo m'fulati mwathu ku Sighthill, mumzinda wa Glasgow, pa nsanjika ya 17, momwe zonse zinkanunkha sopo wokolopera ndi mafuta okazingira a anthu a pansi pathu. Lidafika mwezi wa Okutobala, litakulungidwa m'zitenje ziwiri, m'chikwama cha mayi wina wa Mvano wa ku Pollokshields amene adapita kumudzi kukaona makolo ake.

Amene sadakhaleko kunja kuno sangamvetse kuti kilo ndi chuma. Munthu akati akupita ku Malawi, mapemphero akatha pakhomo la tchalitchi pamakhala piringupiringu, aliyense akupempha kamalo m'chikwama chobwerera. Amayi adayamba kunyengerera mayi uja mwezi wa Juni, mpaka adapatsidwa makilo asanu. Adawagawiratu m'mutu: usipa, nsinjiro, mfutso wa khwanya, ndi ufa woyera wa m'munda mwa agogo. Kupita okha kukatenga sikukadatheka. Mapepala awo adali m'manja mwa boma la kuno chaka chachinayi, ndipo akadangotuluka m'dziko muno sakadaloledwa kubwereranso.

Chomwe amayi sankadziwa n'chakuti amalume adaimba kumudzi pambuyo pawo, nasintha zonse. Mayi wa Mvano uja adatula katunduyo pa tebulo lathu akupuma wefuwefu, chifukwa tsiku limenelo chikepe chidafa. Mawu ake ndimawakumbukirabe: "Ine ndasenza zambiri pa moyo wanga, koma kupita ndi nkhuni ku Ulaya, ayi ndayamba lero."

Amalume adali mlongo wawo wa amayi, wobadwa pambuyo pawo ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ankachita maphunziro a zauinjiniya ku Hillhead, ndipo ankagona pa sofa pathu. Adabwera kuti akhale miyezi iwiri, koma nthawi imene ndikunenayi adali atakwanitsa zaka ziwiri. Loweruka lina anzawo a kusukulu adapita nawo ku kalabu ina kunja kwa mzinda, kumene azibambo ovala majekete okhuthala amawombera mapepala ndi mfuti za mpweya, zija kwathu amati eyagani. Adabwerako ndi pepala lobookabooka, nalimata pa fuliji pamwamba pa chithunzi chomwe ine ndidajambula kusukulu. Sabata yotsatira adakaona mtengo wa mfuti yotere m'sitolo, ndipo adabwera atakwiya ngati awabera kale.

"Ndi kuba kumeneku," adatero. "Mpope, sipuling'i ndi mtengo basi. Kwathu anthu osadziwa kulemba dzina lawo amasula mfuti za gogodera pansi pa mango, nanga ine wa madigiri awiri? Ndipanga yanga ndi hafu ya ndalamazo."

Masiku amenewo mfuti zoterezi sizinkalira chiphaso cha kupolisi monga zilili lero, choncho padalibe wowaletsa. Ndikunena pano osapsatira mawu: ndikamva mwamuna akuti "ndipanga ndekha, n'zotchipa", ndimagwiritsa chikwama changa n'kuyang'ana komwe kuli khomo.

Zipangizo zidayamba kubwera pa positi, china kuchokera uku, china uko, zambiri zogwiritsapo kale ntchito. Tebulo m'nyumba mwathu lidali limodzi, ndipo lidasanduka la amalume. Adayalapo manyuzipepala, nandandalika tizitsulo tawo m'mizere, kalikonse pamalo pake, osakhudza munthu. Ife tinkadyera pa miyendo. Homuweki ndinkalembera pansi, nditagona chafufumimba pafupi ndi hita, komabe mafuta a zitsulo ankapeza njira yofikira m'makope mwanga. Aphunzitsi adandifunsa ngati kwathu tili ndi galaja.

Chidatsala ndi mtengo wa mfutiyo, uja munthu amautsamiritsa paphewa. Wosemasema udali wodula, ngakhalenso chipika choti usemere wekha chidali chodula. Apa ndi pamene amalume adakumbukira kuti kumudzi mlombwa ndi waulere. Adaimba lamya kuti akufuna thabwa lokhuthala, louma kwa zaka zambiri. Kumudzi munthu wa ku Ulaya akapempha chinthu safunsidwa kuti n'cha chiyani, makamaka akakhala mwamuna yekhayo m'banjamo. Iwonso sadafunse kuti thabwa lotere alipeza kuti. Safunsa adadya phula, koma pano phulalo adadyetsa ena.

Mayi wa Mvano atapita, amayi adaima nthawi yaitali akuyang'ana thabwalo. Ine ndinkayesa akulira usipa wawo. Kenaka adanyowetsa chala ndi malovu napukuta mwaye pakona. Padatuluka malemba a pensulo yaikulu ya akalipentala, opendekera kumanzere, akuti "kumutu". Adabweza dzanja msanga, nakhala pansi pamphepete pa sofa.

Nkhani yake ndi iyi. Agogo aamuna, bambo awo a amayi, adali wocheka matabwa. Asadamwalire adagwetsa mlombwa umodzi, nacheka matabwa a mabokosi awiri a maliro, lawo ndi la akazi awo, nawasanjika kudenga la khitchini kuti utsi uziwasunga. Awo adagwira ntchito amayi ali mtsikana. A agogo aakazi adatsala pomwepo, ndipo agogowo ankawawerenga chaka ndi chaka, kuopa adzukulu angapangire khola la nkhunda. Thabwa lalifupi lokhuthalalo lidali loti adzachekemo awiri, lakumutu ndi lakumiyendo. Amalume adachoka pakhomo ali wamng'ono kupita kusukulu zogonera konko, ndiye za kudenga la khitchini sankazidziwa, kapena sankazilabadira.

Amayi adawauza tsiku lomwelo, mwaulemu, atawapatsa kaye tiyi. Amalume adadzidzimuka pang'ono, sindingawanamizire. Adalitembenuza thabwalo, nawerenga malembawo, nakanda m'mutu. Koma diso lawo lidali litagwa kale pa mizere ya mtengowo, momwe inkayendera mokhotakhota ngati madzi.

"Achemwali, amayi apereka okha, palibe wawalanda," adatero. "Komanso zosunga matabwa kudenga n'zachikale. Nthawi ikadzakwana ine ndidzagula bokosi la ku Blantyre, la zogwirira zonyezimira."

Adanena zimenezi munthu amene ankabwereka ya basi kwa amayi.

Kuyambira pamenepo amayi adali ndi cholinga chimodzi, choti thabwalo libwerere kumudzi lathunthu. Mkulu wa mpingo wina ankayembekezeka kupita ku Malawi kumapeto kwa Januwale, ndipo amayi adapempha kale malo m'chikwama chake. Chidatsala ndi kulisunga osadulidwa kwa miyezi itatu, m'nyumba ya zipinda ziwiri, momwe munkagona injiniya wokhala ndi sowo yatsopano.

Mwina wina angafunse kuti bwanji osangowakaniza. Nanenso ndidafunsa, m'Chingerezi changa cha ku Glasgow chomwe amayi ankati chimamveka ngati ndikutafuna mbatata yotentha. Nyumba ndi yanu, chakudya mumagula ndinu, ingowauzani kuti ayi. Amayi adandiyang'ana ngati ndatukwana. Bambo anga padalibe, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo kwathu mlongo wa mayi ndiye mwini mbumba. Munthu amene amayi adamubereka kumsana ndi kumupukuta mamina, tsopano ankamutcha achimwene, kumusambitsa m'manja asanadye, ndi kumufunsa maganizo pa za sukulu yanga. Ankachokera ku shifiti ya maola khumi ndi awiri kunyumba yosamalira nkhalamba, miyendo itatupa, n'kudzafunsa ngati achimwene adya. Mpaka lero zimandiwawa ndikaziganiza.

Ndiye amayi adamenya nkhondo yawo mwachikulu, mozungulira. Poyamba adalifunditsa thabwalo chitenje chatsopano, naikapo Baibulo ndi buku la nyimbo. Amalume ankachotsa mabukuwo mwaulemu, kuyeza ndi tepi, kujambula ndi pensulo, kenaka n'kubwezeretsa zonse monga adazipezera. Amayi akabwera ankafufuta mizereyo ndi kansalu konyowa. Mawa lake mizere inkabwerera. Palibe ankatchula kanthu, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsana kuti mwadzuka bwanji.

Mwayi wa amayi udali wakuti zitsulozo zidawatangwanitsa amalume. Mpope udakana kulowa pamalo pake chifukwa udali wa mfuti ya mtundu wina, ndipo wogulitsayo adasiya kuyankha. Adagula wina. Masikuluwu adapezeka kuti mazinga ake ndi osiyana, ena a muyeso wakale, ena watsopano. Kuti akonze zimenezo padafunika zida, ndipo chida chilichonse chinkabwera ndi mawu amodzimodzi, akuti ichi n'chogula kamodzi. Tsiku lina madzulo, mdima utagwa kale cha m'ma folo koloko monga umachitira nyengo yozizira, sipuling'i idawapulumuka. Idadutsa pafupi ndi khutu langa, n'kukaswa galasi la wotchi ya pakhoma yomwe amayi adapatsidwa ndi a Mvano. Amalume adayamba akwawa kufunafuna sipuling'i yawo, kenaka ndi pomwe adafunsa ngati ndavulala.

Mu Disembala amayi adaitana mkulu wa mpingo uja kuti adzadye nafe akaweruka kutchalitchi, ndi chiyembekezo choti mwamuna mnzawo akalankhula amalume amva. Adaphika nkhuku. Mkuluyo adayamba bwino, za kulemekeza atate ako ndi amako. Koma amalume adamupatsa galasi loyang'anira patali lomwe adagula kuti adzamange pamwamba pa mfutiyo. Munthu wamkulu, wa imvi zake, adatha theka la ola ali pazenera, akuwerenga manambala a mabasi pa msewu waukulu pansi pathu. Potsanzika adati, "Mayi, mlongo wanuyu ali ndi mutu." Amayi adatsuka mbale tsiku limenelo mpaka ndidaopa kuti maluwa a pa mbalezo afufutika.

Kenaka adachita chinthu chomwe ndimachiona ngati chachikulu kuposa zonse. Amayi, amene ankadana ndi mfuti ngakhale ya pulasitiki, adakwera basi okha tsiku lawo lopuma, nakalowa m'sitolo ya alenje, iwo ndi duku lawo, kukafunsa mtengo wa mfuti yathayitha. Adabwerako nagwada pafupi ndi tebulo lija.

"Achimwene, ndakaiona mfuti ija. Ndikugulirani ine. Ndigwira mashifiti a Khrisimasi. Inu mungondisiyira thabwali."

Amalume adakhumudwa zenizeni. Adati amayi akuwaona ngati munthu wolephera, ngati mwana wolira chidole. Adati nkhani si mfuti, nkhani ndi kupanga chinthu ndi manja ako, kudziwa sikuluwu iliyonse. Pamenepo za kutchipa zija zidali zitaiwalika, poti aliyense m'nyumbamo ankaona kuti zomwe zidapita ku tizitsulo ndi zida zidadutsa kale mtengo wa m'sitolo. Lero ndimatha kuvomereza kuti m'mawu awowo mudali choona. Munthu wogona pa sofa ya mlongo wake, amene maphunziro ake ankangobwezedwa kuti akonzenso, ankafuna chinthu chimodzi choti anene kuti ichi ndapanga ndine. Ndimamvetsa, koma kumvetsako sikundichotsera mkwiyo.

Chaka chatsopano chitalowa, zitsulo zidagwirizana, ndipo padatsala mtengo wokha. Amayi adaona kuti zozungulira zatha. M'mawa wina amalume atapita ku Hillhead, adanyamula thabwalo nalilowetsa pansi pa matiresi anga, chakumiyendo, nandiuza kuti pakamwa panga pakhale potseka mpaka mkulu wa mpingo atanyamuka. Padatsala masabata awiri. Amalume adafunafuna mwakachetechete, kuseri kwa fuliji, pamwamba pa wadiropu, koma m'chipinda cha mlongo wawo ndi mwana wake wamkazi sakadalowamo kukavundukula zogona. Mwambo womwewo umene unkamanga amayi pakamwa, tsopano udawamanga iwo miyendo.

Ndiyenera kuulula kuti ine ndidali mbali ya amalume. Agogo sindinkawakumbukira, ndidachoka ku Malawi ndili ndi zaka zitatu. Kwa ine adali mawu okalipa a m'lamya ofunsa chifukwa chake sindiyankha m'Chichewa. Nkhani yosunga matabwa a bokosi munthu ali moyo inkandinyansa ndi kundiopsa, ndipo usiku ndinkakhwinyata miyendo kuti isakhudze pamene padali thabwalo. Amalume ndiwo ankandiseketsa, ankandithandiza masamu, ankandilola kugwira tepi. Amayi ankangokhala otopa.

Loweruka lina amayi ali kuntchito, amalume adanditenga pa sitima ya pansi kupita ku Hillhead, akuti ndikaone komwe amaphunzira. Adandigulira tchipisi cha viniga wambiri, chotentha m'pepala, tikudya tikuyenda m'mphepo. Sadandiopseze, sadandinyengerere. Adangoti, "Iwe ndiwe wanzeru m'nyumba muja. Ukuona kwako, chabwino n'chiyani, thabwa liwole pansi pa nthaka kapena likhale chinthu chokongola?" Palibe adandifunsapo maganizo anga chibadwire. Tisadafike n'komwe pa siteshoni pobwerera, ndidali nditanena zonse, ndipo titafika kunyumba thabwalo ndidakalitulutsa ndekha.

Adalidulira m'khitchini, atalisanjika pa mipando iwiri. Ine ndidakhalira mbali imodzi kuti lisagwedezeke. Ndimakumbukira kunjenjemera kwa mtengowo pansi panga sowo ikamadutsa, ndi utuchi wofiira ukugwera pa matailosi oyera. Mwaye utachoka padatuluka fungo lina, lokoma, lonunkhira ngati zokometsera chakudya. Mlombwa wa zaka zonsezo udali wolimba, ndipo amalume adatuluka thukuta mpaka adavula malaya m'mwezi wa Januwale. Chidutswa cholembedwa chija ndicho chidayamba kugwa pansi.

Amayi adalowa ndi majumbo a zogula m'manja onse awiri. Adayang'ana pansi, nayang'ana amalume, kenaka nayang'ana ine. Ine adandiyang'ana nthawi yaitali kuposa onse. Sadakalipe. Adaika majumbo pansi, natenga tsache, nasesa utuchiwo pamodzi ndi zidutswa, nazithira m'jumbo lina loyera. Sadazitaye m'bini, adalowa nazo kuchipinda. Atatuluka adafunsa ngati achimwene adya. Madzi akatayika sawoleka, koma ine tsiku limenelo ndikadakonda akadandimenya.

Mfutiyo idatha mu Malichi. Kunena zoona idali yokongola, mtengo wake wofiirira, wosalala, wowala ndi mafuta. Koma inkaponya chakumanzere, ndipo amalume adalimbana nayo mpaka adagonja, napita nayo kwa mmisiri weniweni wa mfuti, mzungu wokalamba, amene adasintha theka la zomwe iwo adamanga nawalipiritsa bwino. Akuti adayamikira mtengowo nafunsa dzina lake. Amalume adapita nayo ku kalabu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, nyengo ya masana aatali idafika, maphunziro adawapanikiza, ndipo mfutiyo idakagona pamwamba pa wadiropu. Ndiye amene akufuna kudziwa ngati kudzipangira mfuti kumapulumutsa ndalama, yankho langa ndi lakuti ayi, mudzalipira kawiri, ndipo banja lanu lidzadyera pa miyendo nyengo yonse yozizira. Umenewo ndi mtengo umene umaoneka.

Ndasungira kumapeto lamya ya Lamulungu lotsatira tsiku lodula lija. Titabwera kutchalitchi, amayi adapala khadi yoimbira kunja, naimba nambala ya aphunzitsi a kumudzi, amene ankathamanga nayo foni kukapereka kwa agogo. Amalume adapeza chifukwa chotsikira pansi kukagula mkaka. Laini inkamveka patali, ndiye amayi adaika foniyo poti mawu azituluka mokweza, ndipo ine ndidamva zonse ndili pakhomo la khitchini. Kumbuyo kwa agogo kunkamveka nkhuku ndi mvula pa malata.

Amayi adafotokoza mwa tsatanetsatane, akupepesa ngati odula adali iwo. Adati adayesetsa, adati pepani, adati akadzapeza ndalama adzatumiza kuti agule thabwa lina. Ine ndinkadikira kuti dzina langa litchulidwe, koma sadalitchule.

Agogo adaseka kaseko kouma.

"Iwe, ukuyesa ine sindidziwa chimene ndinatumiza? Ndinalitsitsa ndekha kudengako. Msiye adule. Kumutuko akalipentala adzaikako la paini, wakufa saona. Ine ndimafuna kanthu kanga kafike komwe muliko, poti inuyo kuno simufika."

Amayi adati, "Amayi, mapepala akangotuluka..."

"Eya, eya, mapepala," adatero agogo. Kenaka adafunsa ngati kuno kukugwa mvula, ndipo khadi idatha.

Amalume atangotsegula chitseko ndidawathamangira, ndikudumphadumpha, kuwauza kuti agogo sadakwiye, ati palibe mlandu, ati dulani. Amalume adamwetulira nayang'ana mlongo wawo ngati munthu amene wawina mlandu, koma kumwetulirako kudazima ataona nkhope ya amayi. Amayi adaika foni pa sofa, nalowa kubafa, natsegula mpopi wa madzi kuti uzingothira. Adakhalamo nthawi yaitali. Agogo adamwalira patatha zaka ziwiri, mapepala asadatuluke, ndipo amayi adamva nyimbo za kumanda pa foni ya aphunzitsi omwe aja.

Koma Lamulungu limenelo ine ndidaima pakhomo la bafa nditapsa mtima, ndikugogoda, ndikufunsa kuti tsopano akulira chiyani poti atikhululukira. Ndinkayesa kuti miyezi yonseyo amayi ankaopa kukalipiridwa. Sindinkadziwa kuti thabwa likadabwerera lathunthu, amayi akadakhala ndi chonena kwa mayi awo, chakuti sungani, ndikubwera ndisadachedwe. Sindinkadziwanso kuti m'mawu aja, amene ine ndidamvamo chikhululuko, agogo adali atamuuza mwana wawo kuti adaleka kumudikira.